SAU JUK: DZANJA NDI PHAZI

Tambasulani dzanja lanu. Tsono yang'anani phazi lanu. Munga ukalasa phazi, limauzula ndi dzanja. Dzanja likafuna nkhuni za kuthengo, limalifikitsa kumeneko ndi phazi. Ziwalo ziwirizi sizifanana, koma ndi za thupi limodzi. China chikavulala, chinzake sichigona tulo.

Kutali ku China kuli anthu amene anaona zimenezi kalekale. Iwo akafuna kutchula mnzawo amene ali naye limodzi pa mtendere ndi pa mavuto, amati ndi "dzanja ndi phazi". M'chiyankhulo chawo mawuwa ndi sau juk. Lero tiyeni tiphunzire mawu amenewa. Tiona kuti ndi mawu okoma, komanso ndi olemera. Munthu amene wawanena kwa mnzake wasenza ngongole.

ENI MAWUWA NDANI?

Ambiri a ife timangoti "Chitchaina", ngati kuti Matchaina onse amayankhula chiyankhulo chimodzi. Si choncho ayi. Ku China kuli ziyankhulo zambiri. Chaboma ndi Chimandarini. Kum'mwera kwa dzikolo, m'chigawo cha Guangdong, kuli china chotchedwa Chikantonizi. Dzinali linachokera ku mzinda wa Guangzhou, umene Azungu ankautchula kuti Canton. Anthu oyankhula Chikantonizi ndi oposa 80 miliyoni. Munthu wodziwa Chimandarini chokha sangamve Chikantonizi atapanda kuchiphunzira.

Chikantonizi ndichonso chiyankhulo cha m'mizinda ya Hong Kong ndi Macau. Hong Kong ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo uli ndi anthu oposa 7 miliyoni. Mwa anthu 10 alionse kumeneko, pafupifupi 9 amayankhula Chikantonizi pakhomo. Mzindawu unalamulidwa ndi Angerezi kuyambira m'chaka cha 1841. Unabwerera m'manja mwa China pa 1 Julayi 1997. Macau anali m'manja mwa Apwitikizi mpaka m'chaka cha 1999. Zambiri zimene tikambe pano ndi za ku Hong Kong.

KATCHULIDWE NDI KALEMBEDWE

Sau mutchule ngati "sawu", koma mofulumira, ndipo mawu akwere kumapeto monga muchitira pofunsa funso. Juk ndi liwu lalifupi, lokwera. Chilembo cha j chimamveka pafupifupi ngati ts wa m'mawu oti "tsoka". Chilembo cha k chakumapeto musachimalize, mungotseka kukhosi basi. Anthu ena polemba ndi zilembo zathuzi amalemba sau zuk. Ndi mawu omwewo.

Kukweza ndi kutsitsa mawu si chinthu chachilendo kwa ife. Paja "mtengo" wa kuthengo ndi "mtengo" wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa timasiyanitsa. Chikantonizi chili ndi njira 6 zokwezera kapena kutsitsira liwu. Liwu loti maai mukalikweza pang'ono, ndiye kuti "gula". Mukalisiya pansi osalikweza, ndiye kuti "gulitsa". Mukalakwitsa pamenepa, msika wavuta!

Eni ake salemba ndi a, e, i, o, u monga ife. Liwu lililonse lili ndi chizindikiro chakechake. Sau juk amalemba chonchi: 手足. Chizindikiro choyambacho chili ndi mizere 4, ndipo kalekale chinali chithunzi cha dzanja ndi zala zake. Chachiwiricho chili ndi mizere 7, ndipo chinali chithunzi cha mwendo ndi phazi. Kuti munthu awerenge nyuzipepala, afunika kudziwa zizindikiro zotere 2,000 kapena 3,000. Choncho inu amene mwangophunzira kumene kuwerenga, limbani mtima. Katundu wa anzathuwo ndi wolemera kuposa wathu.

MAPAZI ALIPO AWIRI

Pali chinthu china chofunika kuchenjera nacho. M'Chikantonizi muli mawu awiri otchulira phazi. Juk ndi liwu lakale, la m'mabuku. Munthu akapunthwa pamsewu sanena juk ayi, amanena geuk. Liwu la juk limapezeka m'mawu ophatikiza, monga juk kau, umene ndi mpira wamiyendo. Limapezekanso m'dzina la matenda a ana amene amatulutsa timatuza m'manja, kumapazi ndi m'kamwa.

Nanga mutati sau geuk m'malo mwa sau juk? Zonse ndi "dzanja ndi phazi", koma tanthauzo lasintha. Sau geuk ndi manja ndi mapazi enieniwa, kapena machitidwe a munthu. Akamati munthu wachita jou sau geuk, ndiye kuti wachita chinyengo mobisa, monga kusokoneza sikelo kapena kusintha manambala m'buku la ndalama. Mwaona? Liwu limodzi lokha lasiyanitsa m'bale ndi kamberembere.

TANTHAUZO LAKE

Tanthauzo loyamba la sau juk ndi abale obadwa bere limodzi. Makolo ndiwo thupi, ana ndiwo manja ndi mapazi. Abale akamamenyana kapena kulandana chuma cha masiye, amati sau juk seung chaan, ndiye kuti dzanja ndi phazi zikupwetekana. Kwa iwo palibe chinthu chomvetsa chisoni ngati chimenechi, pakuti thupi likudzivulaza lokha.

M'kupita kwa nthawi mawuwa anatuluka m'nyumba. Anayamba kunenedwa kwa anthu amene si pachibale, koma akhala ngati abale. Anthu awiri akamakondana chotero, amati ching tung sau juk, kutanthauza kuti chikondi chawo chili ngati cha dzanja ndi phazi.

SI BWENZI ALIYENSE

M'Chikantonizi mabwenzi ali ndi masitepe ngati makwerero. Taonani ena mwa iwo.

Pang yau ndi bwenzi wamba. Aliyense wodziwana naye bwino akhoza kutchedwa chonchi.

Lou yau ndi bwenzi lakale, amene mwachokera naye kutali.

Sei dong ndi bwenzi lapamtima, wouzana naye zinsinsi. Liwu loti sei ndi "kufa". Ndi ubwenzi wofera pomwepo.

Hing dai ndi mkulu ndi mng'ono aamuna. Amuna okondana amaitanana chonchi. Akazi amaitanana ji mui, ndiye kuti mkulu ndi mng'ono aakazi.

Jau yuk pang yau ndi "bwenzi la mowa ndi nyama". Ameneyu mumamudziwa kale. Amabwera pamene mphika uli pamoto, ndipo amasowa pamene m'thumba mwauma.

Nanga sau juk asiyana bwanji ndi onsewa? Sei dong mumasankha nokha chifukwa mitima yagwirizana. Mumacheza, mumaseka, mumayenderana. Sau juk ndi amene muli naye pa ntchito imodzi yolemetsa kapena pa ngozi imodzi. Mwina simucheza naye kwenikweni. Mwina kwawo simukudziwako. Koma iye akagwa, inunso mwagwa. Ife pa Chichewa tili ndi "bwenzi la ponda apa nane mpondepo". Nafenso tinaona kuti ubwenzi uli ndi phazi. Koma sau juk aposa pamenepo, pakuti salondola mapazi anu chabe. Iye ndiye phazi lanulo.

N'chifukwa chake ku Hong Kong mawuwa amamveka kwambiri pakati pa apolisi, ozimitsa moto, ndi ena ogwira ntchito m'magulu. Mkulu wa gulu akamayankhula ndi anthu ake amayamba ndi kuti gok wai sau juk, ndiye kuti "inu nonse manja ndi mapazi". Mawuwa sunganene kwa bambo ako kapena kwa mayi ako. Sunganene kwa mkazi wako kapena kwa mwamuna wako. Sunganenenso kwa munthu wodzagula katundu m'sitolo. Ndi mawu a anthu osenza mtolo umodzi.

ABALE ATATU A M'MUNDA WA MAPICHESI

Kuti mumvetse kulemera kwa mawuwa, imvani nkhani imene mwana aliyense wa ku China amaidziwa. Zaka zoposa 1,800 zapitazo ufumu wa Han unali kupasuka, ndipo nkhondo inali ponseponse. Panali amuna atatu: Liu Bei, Guan Yu ndi Zhang Fei. Amenewa anali anthu enieni, ndipo mbiri yakale imanena kuti ankakhala ngati abale. Cha m'ma 1300 kunalembedwa buku lotchuka la nkhani za Maufumu Atatu, limene amati analemba ndi Luo Guanzhong. Bukulo limasimba kuti atatuwa anakumana m'munda wa mapichesi ndi kulumbira kuti adzakhala abale mpaka imfa. Za lumbiro la m'mundazo ndi za m'nthano, koma anthu anazikonda kwambiri.

Guan Yu anatchuka chifukwa cha kukhulupirika. Atamwalira, anthu anayamba kumulambira. Ku Hong Kong amamutchula Kwan Tai, ndipo chifanizo chake chili ndi nkhope yofiira ndi ndevu zazitali. Pamsewu wa Hollywood Road pali kachisi wotchedwa Man Mo, womangidwa m'chaka cha 1847, mmene anthu amafukiza lubani kwa iye.

Koma mathero a nkhaniyi ndi owawa. Guan Yu anagwidwa ndi kuphedwa ndi asilikali a Sun Quan cha m'ma 220. Zhang Fei anaphedwa ndi anthu ake omwe m'chaka cha 221. Liu Bei anapita kunkhondo kukamenyana ndi Sun Quan, ngakhale kuti ena mwa aphungu ake anamuletsa. M'chaka cha 222 anagonja koopsa, ndipo asilikali ake ambirimbiri anafa. Iye mwini anamwalira m'chaka cha 223. Anakumbukira m'bale mmodzi, koma amayi ambiri analira ana awo.

APOLISI NDI ZIGAWENGA

Tsono imvani chodabwitsa. Kwa zaka zambiri, m'maofesi ambiri a polisi ku Hong Kong munali kaguwa ka Kwan Tai. Koma magulu achinsinsi a zigawenga, amene Angerezi amawatcha Triad, nawonso amalemekeza Kwan Tai yemweyo. Wapolisi amatchula anzake kuti sau juk. Chigawenga nachonso chimatchula anzake kuti sau juk.

Magulu a zigawengawa ndi oletsedwa ndi lamulo. Ngakhale kungodzitchula kuti ndiwe membala ndi mlandu. Komabe amakopa anyamata. Mnyamata wosowa ntchito kapena wosowa womusamala akamva akuluakulu akumutchula m'bale, mtima umakhala pansi. Amamugulira chakudya, amamuteteza kwa omuvutitsa. Tsiku lina amamutuma kukatolera ngongole mwaukali kapena kukanyamula mankhwala ozunguza bongo. Akane bwanji, pamene anavomera kale kuti ndi dzanja lawo? Akagwidwa, amalowa m'ndende ndi iye. Omutuma aja ali kunyumba kwawo.

Apa mpamene tiona kuti mawu okha sanena ngati gulu ndi labwino kapena loipa. Amangonena kuti anthuwa amangana pamodzi.

CHAKA CHA 2019

M'chaka cha 2019 mawu a sau juk anamveka m'misewu yonse ya Hong Kong. Chinachitika n'chiyani? Pamene mzindawu unkabwerera ku China mu 1997, panali pangano loti udzasunga malamulo ake ndi makhoti ake kwa zaka 50. Mu 2019 boma la mzindawu, lotsogozedwa ndi Mayi Carrie Lam, linabweretsa lamulo latsopano lolola kutumiza anthu oganiziridwa milandu kuti akaweruzidwe kwina, ngakhale ku China kwenikweniko. Boma linati likufuna kuti opalamula asamathawe chilango. Anthu ambiri anaopa kuti lamulolo lidzagwiritsidwa ntchito pogwira anthu otsutsa boma.

Pa 9 Juni anthu anadzaza misewu. Pa 16 Juni anachulukanso kuposa pamenepo. Okonza ulendowo anati panali anthu pafupifupi 2 miliyoni, pamene apolisi anati anali 338,000. Zionetserozo zinapitirira miyezi yambiri. Ena ankangoyenda mwamtendere. Ena ankagenda ndi njerwa ndi kuponya mabotolo a petulo. Apolisi ankaponya utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za mphira. Anthu anavulala mbali zonse ziwiri.

Ochita zionetserowo analibe mtsogoleri mmodzi. Ambiri ankaphimba nkhope kuti asadziwike, ndipo sankauzana maina. Nanga munthu amene sukumudziwa dzina, ngakhale nkhope, umuitana bwanji? Iwo anasankha sau juk. Mawuwa anawakomera chifukwa sasankha mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena wamng'ono. Mtsikana wa sukulu ndi bambo woyendetsa galimoto onse anali sau juk. Wina maso akamawawa ndi utsi, mlendo ankamutsuka ndi madzi ndi kumutchula dzina lomweli.

Koma kumbukirani kuti apolisi nawonso anali ndi sau juk awo. Pamsewu umodzi panaima magulu awiri, oyankhula chiyankhulo chimodzi, obadwira mumzinda umodzi. Gulu lililonse linkadera nkhawa manja ndi mapazi ake. Mawu amene anamanga anthu a mbali imodzi ndi omwewo amene anawalekanitsa ndi a mbali ina.

OSADULA MPHASA

Masiku amenewo panatchukanso mawu ena oti bat got jik, ndiye kuti "osadula mphasa". Mawuwa anachokera m'nkhani yakale, yolembedwa cha m'ma 400. Panali anyamata awiri ophunzira limodzi, Guan Ning ndi Hua Xin. Tsiku lina akulima m'dimba anaona kachidutswa ka golide. Guan Ning anapitiriza kulima ngati waona mwala. Hua Xin anakatola, nakayang'ana, kenaka n'kukataya. Tsiku lina anakhala pamphasa imodzi kuwerenga. Pamsewu panadutsa ngolo yokongola ya munthu wamkulu. Hua Xin anasiya buku n'kuthamanga kukaonerera. Pamenepo Guan Ning anadula mphasa ija pakati, nakhala payekha. Ubwenzi unathera pomwepo.

Choncho "kudula mphasa" ndi kukana mnzako pamaso pa anthu. Mu 2019 oyenda mwamtendere ndi ogenda aja ankasiyana maganizo, koma anagwirizana kuti asadule mphasa. Ena amati pangano limeneli ndilo linawapatsa mphamvu. Ena amati linatseka pakamwa anthu amene akanadzudzula anzawo pamene ankaononga zinthu ndi kumenya anthu. Inu muganiza bwanji?

Boma linachotsa lamulo lija pa 23 Okutobala 2019. Pa 30 Juni 2020 boma la China linakhazikitsa lamulo lokhwima la chitetezo ku Hong Kong, ndipo zionetsero zazikulu zinatha. Anthu oposa 10,000 anamangidwa chifukwa cha zochitika za nthawi imeneyo, ambiri a iwo achinyamata. Apa mpamene mawu aja anayesedwa. Kufuula sau juk pagulu kunali kosavuta. Koma panali ena amene anapitirira. Ankalemba makalata kwa a m'ndende amene sanawaonepo. Ankapita kukhoti kukakhala nawo pa mlandu. Ena ankadikira panja pa khoti mpaka galimoto ya akaidi ituluke, n'kumaithamangira akuwalitsa nyali za mafoni awo, kuti a m'katimo adziwe kuti sanaiwalidwe.

TITOLEPO CHIYANI?

Mwina simudzapita ku Hong Kong. Mwina simudzayankhula Chikantonizi. Koma mawuwa akutifunsa mafunso awiri amene ali athu tonse.

Loyamba ndi ili: kodi amene ndimamutchula m'bale, ndidzamuzula munga? Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kutchula munthu "achimwene" pa bawo kapena "achemwali" pachitsime n'kosavuta. Umboni wake umaoneka pa matenda, pa maliro, pa mlandu ndi pa njala.

Lachiwiri ndi ili: kodi thupi limene ndalowamo likupita kuti? Dzanja silikhala pakhomo pamene phazi lapita kukaba. Munthu akakuitanani ndi mawu okoma a chibale, yambani mwaona kumene mapazi ake aloza. Ndipo mnzanu weniweni akayamba kusochera, kumuuza zoona si kudula mphasa ayi. Dzanja limene limagwira phazi kuti lisaponde pamoto ndi dzanja labwino.

MAWU ATSOPANO

Sau juk: dzanja ndi phazi; m'bale, kapena mnzako wosenza naye mtolo umodzi.
Pang yau: bwenzi wamba.
Lou yau: bwenzi lakale.
Sei dong: bwenzi lapamtima.
Jau yuk pang yau: bwenzi la mowa ndi nyama.
Bat got jik: osadula mphasa, osakana mnzako.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Kodi Chikantonizi chimayankhulidwa m'malo ati? Tchulani awiri.
2. Sau juk asiyana bwanji ndi sei dong?
3. Chifukwa chiyani anthu a ku Hong Kong anasankha mawu a sau juk m'chaka cha 2019?
4. Kodi Guan Ning anachita bwino kudula mphasa? Mukanakhala inu mukanatani?
5. Kwanuko munthu wotere mumamutchula kuti chiyani? Lembani mawu atatu m'kope lanu, ndipo muwawerenge kwa anzanu.